Zimene Apongozi Anauza Galimoto

Ine ndine mkamwini, ndipo ndaneneratu kuti amene akufuna kuseka asekeretu pano. Kwathu ndi ku Kapondo, koma ndinakwatira kwa Mavwere, ndipo monga mwa mwambo ndinanyamula kachikwama kanga kukakhala kwawo kwa mkazi. Maganizo anga anali oti ndilime munda wa apongozi dzinja limodzi kapena awiri, aone okha kuti mwana wawo sanatole mlesi, kenako ndipemphe chitengwa, ndimutenge mkazi wanga tikamange kwathu. Ana anabadwa, anayamba sukulu, woyamba mpaka anayamba kubisa lezala lometera ndevu m'thumba, ine ndidakali pomwepo kudikira chilolezo.

Sikuti sindinkapempha ayi. Ndinkatuma ankhoswe anga, iwo n'kukakhala pansi ndi amalume ake a mkazi wanga, ndipo yankho linkabwera lomwelomwelo: amayi akana. Zifukwa zokha ndiye zinkasintha. Chaka china ankati mwana adakali wakhanda, asayende. Chaka china ankati mtedza wachuluka, akumba ndani. Mtedza utakanika, anati ndi njala imeneyi mukufuna mwana wanga akafere kwa eni. Ndikamufotokozera mkazi wanga, iye ankangoyang'ana pansi n'kunena kuti nanga titani, ndi amayi. Ndiye ine, mwamuna wachifundo, ndinkamusisita pamsana n'kumamulimbitsa mtima kuti asadandaule, tsiku lathu lidzakwana.

Apongozi angawo sindinkayankhula nawo. Si udani, ndi mmene timachitira kuno: mkamwini ndi amayi a mkazi wake amathawana. Tikakumana pakanjira, wina amayenera kupatukira m'thengo, ndipo poti wamng'ono ndinali ine, chisoso ndi chitedze chonse cha m'mudzimo chinandidziwa. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ndipo mwana wawo akachokapo ankauza nkhuku. Ndikangomva mawu okwera pabwalo akuti nkhuku inu, kodi simukuona kuti denga la nkhokwe lavunda, ndinkadziwa kuti mawa ndilawirira kukamweta udzu. Nkhope yawo ndinkaiona mwakuba. Zimene ndinkazidziwa bwino ndi msana wawo, mawu awo, ndi kukana kwawo, ndipo chifukwa cha kukanako ndinali nawo ndi mayina angapo mumtima amene sindingawalembe pano.

Ku Kapondo ndinali nditamanga kale nyumba ya njerwa zootcha, pamalo a mbumba ya amalume amene bambo anga anandilozera asanamwalire. Makoma anafika pamwamba, kunangotsala denga. Malata ndinagula, ndinawasanjika pamitengo kuseri kwa nyumba yathu yaudzu ya kwa Mavwere, ndipo m'mawa uliwonse popita kukasamba ndinkawayang'ana. Chaka chimene ndinagula malatawo, zokolola zitalowa, ndinalumbira kuti ndikakhoma denga, ndikasonkhanitse amalume anga onse, tidzapemphe komaliza. Akadzakananso ndidzaona chochita. Chochitacho sindinkachidziwa, koma ndinkachinena mokweza ndithu.

Malatawo anayenera kuyenda pamwamba pa galimoto yanga. Ndi galimoto yokalamba, ija yosintha yokha magiya, imene ndimanyamulira anthu pakati pa boma ndi pachipata cholowera ku Zambia. Masiku amenewo inali itayamba mwano. Pachitunda ukaponda mafuta, injini inkalira mpaka agalu kuuwa, koma matayala osamva, kenako n'kudumpha mwadzidzidzi, amayi okhala kumbuyo n'kugundana mitu ndi madengu awo a tomato. Ndi katundu wa malata, mumsewu wafumbi wa ku Kapondo, ndinadziwa kuti idzandichititsa manyazi pamaso pa abale anga.

Ndinakafunsa kwa bambo wina wachisilamu amene amagulitsa zitsulo za galimoto pa boma. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi, anakanunkhiza, n'kundipatsa kuti nanenso ndinunkhize. Oyilo amene amayenera kukhala wofiira anali bii, fungo lake ngati mtedza wopserera m'chiwaya. Anati ndipite nayo kugalaja. Ndinawafunsa kuti kugalajako akachita chiyani chimene manja awiriwa sangachite, iwo anati palibe chachilendo: pansi pa giyabokosi pali bawuti imodzi, ukaimasula oyilo wakale amatuluka, umamanganso, n'kuthira watsopano. Koma anaonjeza kuti mabawuti ena a galimoto zakalezi anamangidwa ndi anthu okwiya. Ndinaseka, ndinagula oyilo wofiira, n'kubwerera kumudzi ndili makaniko kale.

Loweruka m'mawa, mkazi wanga atasenza chimanga kupita kuchigayo ndipo ana atabalalika, ndinaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango umene uli pakati pa nyumba yathu ndi ya apongozi. Inali nyengo yotentha, ndipo mthunzi wodalirika pabwalo lonse unali womwewo. Ndinaikweza ndi jeke, ndinaikhazika pa zitsa za bulugama, ndinayala thumba la feteleza, beseni lakale pambali. Malaya ndi buluku ndinavula n'kukoleka pa galasi la m'mbali, poopa pakamwa pa mkazi wanga tsiku lochapa. Ndinatsala ndi kabudula wogonera, amene kumbuyo kwake kunali mazenera awiri aakulu. Ndinalowa chagada, sipanala ili m'manja.

Bawuti ndinaipeza msanga, ili phee pamalo pake monga mmene bambo aja ananenera. Ndinakoletsa sipanala, ndinakoka. Osasuntha. Ndinakokanso, phazi nditalitsamiritsa kutayala. Sipanala inaterereka, chibakera changa chinakamenya chitsulo, khungu la pazala n'kutsala pomwepo. Ndinatchula mawu amene mkulu wa mpingo ngati ine sayenera n'kuwadziwa komwe.

Ndinathira palafini kuti dzimbiri lifewe, ndinadikira, ndinayesanso, koma ayi. Ndinatuluka, ndinakazula paipi pa njinga yakufa imene inali m'khola, n'kuilowetsa kumchira kwa sipanala kuti mkono utalike. Koma pansi pa galimoto malo ndi ochepa, paipi inkagunda dothi isanayende n'komwe, choncho ndinakumba kadzenje ndi chikwanje kuti ipeze podutsa. Ndinakanikiza ndi mphamvu zonse zimene ndinkasungira apongozi. Chinachake chinasuntha, mtima wanga unati myaa, koma sinali bawuti imene inazungulira, anali makona ake amene anadyeka. Mutu wa bawuti, umene unabwera ndi makona ake bwinobwino kuchokera kutsidya kwa nyanja, ine ndinali nditayamba kuusandutsa batani. Ndinakumbukira dalaivala mnzanga wa ku Chipata amene amati zoterezi umangozitenthetsa ndi moto, koma nditanunkhiza palafini amene ndinali nditamwaza paliponse, ndinaona kuti ana anga adakali aang'ono kuti akhale amasiye.

Ndinatenga nyundo ndi chitsulo chosongoka, n'kuyamba kugogoda m'mphepete mwa bawuti kuti mwina ingagonje. Dothi ndi dzimbiri zinkagwera m'maso ndi m'kamwa. Dzuwa linali litakwera, thukuta likuyenderera m'makutu, ndipo ntchito imene ndinauza mkazi wanga kuti aipeza itatha inali isanayambe n'komwe.

Ndili mkati mogogoda, ndinaona mapazi. Anabwera pang'onopang'ono kuchokera kunyumba inayo, opanda nsapato, zidendene zong'aluka, chala chachikulu cha kumanzere chopindika. Mapazi amenewo ndikanawazindikira ngakhale pakati pa msika, pakuti mkamwini amene saloledwa kuyang'ana nkhope amaloweza mapazi. Kenako panatsika mkeka, panatsika lichero, panatsika thumba la mtedza, ndipo apongozi anga anakhala pansi, msana atautsamiritsa kuchitseko cha galimoto imene inali pa zitsa, ine ndili pansi pake.

Abale, ndinauma. Miyendo yanga, imene inali itatulukira kutsogolo, ndinaikokera mkati pang'onopang'ono ngati kamba, ndipo pochita zimenezo ndinakankhira beseni kutali. Kutuluka sindikanatha: chifuwa pamtunda, kabudula wa mazenera, malaya ali lende pamwamba penipeni pa mutu wawo. Kutsokomola kuti adziwe kuti muli munthu kukanakhala kuwathamangitsa pamthunzi wawo womwe, pa mtengo umene anabzala okha ine ndisanalote n'komwe za mwana wawo. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mwina maso awo, amene anali atayamba kuchita nkhungu, sanandione. Za makutu ndinaiwala, kuti kugogoda kwanga kunkamveka mpaka kudambo.

Anayamba kuswa mtedza. Makoko ankagwa, ena n'kugubuduzikira kwa ine. Nyerere zinapeza njira yodutsa pa thumba la feteleza, zinakwera, ndipo zinapeza mazenera aja. Ndinaluma mano. Galimoto ikati gwede chifukwa iwo asintha kakhalidwe, ndinkayang'ana zitsa n'kumapemphera kuti bulugama asandipereke, pakuti ndinkaona kale anthu akufotokozerana pamaliro kuti malemu anasankha kuphwanyidwa kusiyana ndi kuonetsa apongozi mchombo.

Patapita nthawi anamenya tayala ndi chikhatho, monga mmene munthu amachitira odi pakhomo pa eni.

“Galimoto iwe,” anatero, “ndamva kuti eni ako akufuna kukusenzetsa malata.”

Ndinadziwa kuti lero nkhuku zapuma, ntchito yagwera galimoto. Ndinadziwanso kuti sanabwerere mthunzi wokha, ndipo ndinakonzeka kumva chifukwa chatsopano cha chaka chino.

Anaiuza galimotoyo kuti za nyumba ya ku Kapondo akuzidziwa, za amalume amene akusonkhanitsidwa akuzidziwa, ndipo ngakhale mayina amene eni ake amawatchula chamumtima akuwadziwa, chifukwa munthu amene akukutukwana mumtima amamveka ndi mmene amawazira nkhuni zako. Anati sakudandaula, mpongozi amene satukwanidwa ndiye kuti anaikidwa kale. Anati eni ake a galimotoyi ndi munthu wolima, sakweza dzanja pa mkazi, sagona kumowa, ndipo akanakhala wina bwenzi atathawa kalekale. Zaka zonsezo ndinali ndisanamvepo mawu okoma otero kuchokera pakamwa pamenepo, ndipo ndinawamva nditagona chagada, nyerere zili m'kabudula.

Kenako kuswa mtedza kunaleka.

“Ukawauze eni ako kuti ine chitengwa sindinachikanepo. Chaka choyamba chomwe ndinati amutenge. Amene amabwera kwa ine ankhoswe asanafike, kudzagwada kuti amayi mukane, ndi mwana wanga.”

Nyundo inali pachifuwa panga, ndipo ndinaiona ikukwera ndi kutsika. Ndinayang'ana zitsa zija, zinali m'malo mwake, koma ine ndinamva ngati galimoto yatsika kale.

Anapitiriza modekha, osathamanga. Anati mwana wawo anaona ndi maso ake zimene zinachitikira amayi ake aang'ono, amene anapita kuchitengwa ali mtsikana, analima kumeneko mpaka imvi, ndipo mwamuna atamwalira anabwerako ndi kamtolo ka zovala pamutu, munda ndi nyumba zitatsala kwa abale a mwamuna. Kuno ali ndi munda wake, umene unali wa amayi ake, umene udzakhale wa ana ake aakazi, ndipo palibe amene angadzamulozere njira. Koma kumukana mwamuna wake pamaso sangathe, poopa kuti adzati sakumukonda, mwinanso n'kukapeza wina woti akalowe m'nyumba ya njerwayo. Ndiye anadzawapempha kuti amayi, inu ndinu aakulu, akakudani inu palibe chimene chitha, ndisenzereni. Ndipo iwo anasenza, chaka ndi chaka, mpaka zifukwa zinayamba kuwathera.

“Koma maso anga awa akutha, ndipo mwini wake yemwe akutha. Ndikapita, adzamukanira ndani?”

Kuyankha apongozi sikuloledwa, koma sindinamvepo mwambo woletsa munthu kuyankhula ndi bawuti yake.

“Bawuti iwe,” ndinatero, “bwanji osanena kale, munthu asanaotche njerwa?”

Anaseka pang'ono, kaphwete chabe. Aka kanali koyamba kuti ndiwaseketse.

“Galimoto, uwauze kuti njerwa sizilira. Ndipo zimene ndanenazi asakamufunse. Akakamufunsa andiphera mwana ndi manyazi.”

Anasonkhanitsa makoko, anapinda mkeka. Dzanja linalowa pansi pa galimoto, linafufuza, linasiya mtedza wodzaza chikhatho pakona ya thumba langa, n'kubwerera. Mapazi aja anapita pang'onopang'ono monga mmene anabwerera, ndipo ndinamva chitseko chawo chikutsekedwa dala mwamphamvu, kuti munthu wa kabudula adziwe kuti njira yayera.

Sindinatuluke. Zinandipweteka, ndisaname. Malata ndi njerwa sizinandipweteke kwenikweni. Chimene chinandilasa ndi kusisita kuja: zaka zonsezo ndikutonthoza munthu pa chinthu chimene anachipempha yekha, iye n'kumavomera kutonthozedwa. Mkazi wanga ndinamukwiyira. Ndinakwiyiranso apongozi pondilanda mdani wanga osandichenjeza, pakuti munthu ukazolowera kuda wina, akakuchotsera umasowa poika mtima. Ndinati ndikangotuluka muno ndikamuchingamira kunjira ya kuchigayo, anene yekha.

Koma ndidakali chigonere, ndinayamba kuwaganizira abale anga a ku Kapondo mmodzimmodzi, kudzifunsa kuti ine nditafa lero, zitsazi zitaterereka, ndani mwa iwo angamusiye mkazi wanga m'nyumba ija. Azichemwali anga mwina, kwa miyezi ingapo. Amalume, amene ndinkafuna kuwabweretsa kuti adzandiyankhulire, akanati malowo ndi a mbumba yawo, ndipo sakananama. Ndinafika kwa achimwene anga aakulu, amene anagulitsa ngolo ya malemu bambo tisanamete n'komwe, ndipo ndinalekera pomwepo.

Ndinatola nyundo. Ndinaika chitsulo m'mphepete mwa bawuti n'kumenya kamodzi, popanda luso lililonse, kumenya kwa munthu amene wasowa womumenya. Inalira kuti kwee, n'kuzungulira. Ndinaimaliza ndi zala, nditaiwala kuti beseni lili kutali. Oyilo yense wakuda, wa anthu onse amene anayendetsapo galimotoyo ine ndisanaigule, anatsikira pachifuwa panga, m'khwapa, mpaka m'khutu. Chimene ndinapulumutsa ndi mtedza wokha.

Bawutiyo, yobulungira choncho, ndinaimanganso ndi pulayasi. Ndinadula botolo kukhala fanulo, ndinathira oyilo wofiira, ndinatsitsa galimoto pa zitsa. Nditailiza n'kuiyendetsa mozungulira bwalo, magiya ankalowa mwaulemu ngati sanandichitepo mwano. Inali yokonzeka kusenza malata kupita ku Kapondo.

Mkazi wanga anafika ndi ufa pamutu, anandiona ndili bii kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, ndipo anaseka mpaka anatula thumba n'kukhala pansi. Anafunsa ngati oyiloyo ndathira m'galimoto kapena ndadzola. Anatenthetsa madzi, anapita nawo kubafa, ndipo poti kumsana sindikanafikako, analowa ndi sopo ndi chinkhupule kudzandikhula. Funso linali pakamwa penipeni. Ndinalimva likukankha mano. Ndinayang'ana mpanda wa udzu, ndipo kudzera m'mipata yake ndinkaona malata anga akung'anima padzuwa.

“Malata aja,” ndinatero, “ndaganiza kuti tikhome panyumba ino. Kumweta udzu kwanditopetsa.”

Chinkhupule chinaima pamsana panga. Chinaima nthawi yaitali ndithu.

“Nanga kwanu?”

“Kwathu kulibe changu. Amayi anakana kale, tiziwavutitsiranji.”

Anayambanso kukhula, pamalo amodzimodzi amene anali atayera kale, ndipo madzi amene ankadontha pamsana panga ena sanali a m'ndowa. Ine sindinacheuke.

Denga tinakhoma mvula isanagwe. Apongozi anabwera kudzaliona atatembenuzira nkhope kumbali, anauza nkhuku kuti lawala bwino koma mmisiri wapotoza kona imodzi. Sitinayankhulanenso. Pakanjira ndinkapatukirabe m'chisoso monga kale, kungoti tsopano popatukapo ndinkavula chipewa ndi mtima wonse. Pamene anadwala matenda awo omaliza, ndine ndinawanyamula pa galimoto yomweyo kupita nawo kuchipatala ku boma, iwo kumbuyo atatsamira mwana wawo, ine maso kumsewu, galasi loonera kumbuyo nditalitembenuzira kudenga.

Nyumba ya ku Kapondo ilipobe, yopanda denga, ndipo mumagona mbuzi za achimwene. Kumeneko amati ndinadyetsedwa khuzumule, ndipo ndikapita kumaliro anyamata amandifunsa ngati ndapempha chilolezo chobwerera mochedwa. Titameta maliro a apongozi, amalume anga anabwera okha osaitanidwa, anakhala pansi pa mtengo wa mango uja, n'kunena kuti chopinga chija chachoka, tsopano chitengwa chitheke. Mkazi wanga anali pakhonde akupeta mtedza, ndipo ndinamva lichero litaleka kulira.

Ndinawauza kuti ayi, sindikufuna. Anafunsa chifukwa, ndinati ntchito yanga ya galimoto ili pafupi ndi kuno. Chaka chatha anabweranso, ndinati mwana ali m'kalasi ya mayeso. Chaka chino ndamva kuti akubweranso zokolola zikalowa, ndipo chifukwa choti ndidzawauze ndayamba kale kuchifunafuna.